Paini wa m'diramu wa a Masikelo

Mumsika mwathu aliyense amawatchula kuti a Masikelo, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi iwo ankakonza masikelo a ogulitsa nyama, mpunga ndi misomali. Masikelo a mabatire atabwera, ntchito yawo inayamba kuzilala. Masiku ano amakhala pabenchi moyang'anizana ndi tebulo langa, miyala ya sikelo ataindandalika kuyambira waukulu mpaka waung'ono, ndipo sabata imatha popanda wowabweretsera ntchito.

Ine ndimagulitsa zokongoletsera m'nyumba. Disembala wapitayu ndinaoda mitengo ya Khirisimasi ya pulasitiki makumi anayi, ndipo pofika pa 20 inali itatsala isanu. Ndinawauza a Masikelo kuti atengeko umodzi, sindiikapo phindu. Anauyang'ana kuyambira pansi mpaka kumwamba, n'kundiyankha kuti burashi yotsukira mabotolo ali nayo kale kunyumba.

Mtengo wawo ndi weniweni. Akazi awo anadzala kambande ka paini m'chitini cha penti zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Katakula anakasamutsira m'ndowa, kenako m'theka la diramu kuseri kwa nyumba. Chaka chilichonse pa 23 Disembala a Masikelo ndi ana awo aamuna awiri ankanyamula diramuyo kukaiika pabalaza, mayi n'kupachika panthambi mabisiketi ophika okha, oboola pakati ndi kulowetsamo ulusi. Chaka chikalowa ankaubwezera panja, n'kuudula nsonga kuti usapitirire denga.

Anawo anapeza ntchito kutali, amangoimba foni. Mayiwo anadwala sitiroko chaka ndi miyezi ingapo yapitayo, mbali imodzi inafa ndipo maso anachita chidima. Khirisimasi ya chaka chimenecho inawapeza m'chipatala, moti diramu inakhala zaka ziwiri osasuntha.

Pa 23 a Masikelo anabwera patebulo langa kudzabwereka wilibala, kenako anafunsa mwamanyazi ngati ndingabwereketsenso manja. Ndinasiyira mnzanga katundu masana, tinapita. Ndinayeza ndi tepi: mtengo ndi diramu yomwe mamita awiri ndi masentimita khumi, chitseko mamita awiri. Ndinati tikaupendeketsa ulowa. Tinagwira, tinakoka, diramu osagwedezeka ngakhale pang'ono. Nditafukula m'mbali ndi manja ndinapeza kuti pansi pake panadyeka ndi dzimbiri, ndipo muzu wonenepa ngati mkono wa khanda unatulukira pabowopo n'kulowa m'nthaka. Dothi la m'diramu linali louma gwa. Mtengowo unkamwera muzu umodzi umenewo.

Ndinati musadandaule bambo, njira zilipo. Kuchokera pabedi kufika pakhonde lakuseri ndi mapazi khumi ndi limodzi, tiwanyamule mayi pampando adzauonere pomwepo. Analowa kukafunsa, ine ndikumva pawindo. Mayi anakana. Anati safuna akazi a m'nyumba zoyandikana aone pakamwa pawo mmene panapotokera. Ndinati ndiye tidule nthambi ziwiri zazikulu tiziike m'botolo. A Masikelo anapukusa mutu, anati mkazi wawo ndi wodwala koma si mwana, chinthu choyamba adzafuna kugwira mkombero wa diramu.

Ndinawauza mosabisa kuti tikadula muzuwo mtengo sukhalitsa. Anati akudziwa. Tinakhala pansi tonse awiri, nsapato zili matope okhaokha.

Kenako mawu anamveka kuchipinda, olemera, otuluka limodzilimodzi.

"Bambo, mwaiwala kodi kuti lero ndi pa 23?"

"Sitinaiwale, mayi. Diramu yanuyi yanenepa, ikudya bwino kuposa ife."

A Masikelo anadzuka, anakatenga sowo yodulira zitsulo m'bokosi lawo, anagwada. Ndinapempha kuti ndidule ine koma anakana. Zinawatengera mphindi makumi awiri, akupumira panjira kawiri.

Pabalaza panali pochepa, ndiye tinasuntha kabati n'kuika diramu pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Mabisiketi anali ataphika a Masikelo m'mawa, mayi akuwalangiza ali pabedi. Anali opserera m'mbali ndi olimba. Mayi atalumako limodzi anati awa mukapimire misomali kumsika. Tinawakhazika pampando, anatambasula dzanja lamoyolo, anagwira diramu, kenako anakoka nthambi n'kuinunkhiza nthawi yaitali. Anafunsa ngati inavuta kunyamula. Amuna awo anati ayi, inangolemera.

Ndinafufuza pafoni, ndinapeza kuti nthawi zina mtengo wotere umaphukanso mizu ukamathiriridwa bwino. Ndinawagulira kapaketi ka feteleza, ndipo a Masikelo amathira madzi malita awiri m'mawa uliwonse. Ndimawafunsa tsiku ndi tsiku, iwo amangoti tione.

Tsopano tili mu Febuluwale ndipo mtengo udakali pabalaza. Chaka chitalowa mayi anati usatuluke, panja sangathe kuufikira. Nthambi zam'munsi zonse zafiira, zam'mwamba zitatu zokha ndi zimene zili zobiriwira. A Masikelo amafika kumsika mochedwa masiku ano. Amayamba asesa masamba ogwa mayi asanadzuke, kenako amatembenuza diramu kuti mbali yamoyo iyang'ane kumpando.