Nyimbo ya Maliro a Kapitawo Shaibu

Mphwanga Stafford, mwana wa mlongo wanga, kuimba anaphunzira kwa ine, moti tikaimba awiri pamaliro ku Chiradzulu, malemu ankadzuka kuti amvetsere bwino. Chabwino, ndanama: ine ndikayambitsa nyimbo agalu amasamuka m'mudzi. Luso ndi lake mnyamatayo, ndipo anapita nalo ku Doha m'dziko la Qatar, kumene ankathirira maluwa m'mipanda ya mabwana m'dera la Al Messila.

Kapitawo wawo anali a Shaibu a ku Mangochi, mfumu ya anyamata a maluwa. Bambowo akakuwa m'Chiarabu kuti "Yalla!", ndiye kuti "Tiyeni!", mitengo ya kanjedza inkayoyola yokha zipatso. Koma wokalipiridwa mmawa ndi madzulo anali Stafford. "Iwe Katekisiti, maluwa samva nyimbo, thirira!" Litangobwera lamulo lolola wantchito kusintha kampani osapempha bwana, woyamba kumanga chikwama anali iyeyo.

Asananyamuke, korona inawagwira a Shaibu n'kuwatenga. Thupi silikanatheka kubwera kumudzi. Anaikidwa konko, mumchenga wa eni, akazi awo mayi Maliyamu osaona ngakhale nsanda.

Anyamata anawatumizira mawu achipepeso pafoni: malemu anali ofatsa, osakweza mawu, nkhosa yeniyeni. Mayiwo anayankha kuti, "Ana anga, mwaika munthu wina. Wofatsayo si mwamuna wanga. Kafufuzeni m'zipatala." Anakana kuyala mphasa ya maliro, anakana sadaka, foni ili m'manja kudikira kuti a Shaibu aimbe adzawakalipire.

Sudi, mnzake wa Stafford wogona naye chipinda chimodzi, anamugwira mnyamatayo. "Achimwene, woimba ndinu. Apekereni kanthu amayiwa akhulupirire."

"Ine? Munthu anandiumitsa ngati chikopa?"

"N'chifukwa chake. Tonsefe timangowamva, inu munawalawa."

Ali chithiririre kapinga, Stafford anakumbukira nkhani ya m'Malemba, ya mnyamata wa ku Israyeli amene mfumu yake inkamusaka ndi mkondo. Mfumuyo itafera kunkhondo, woipekera nyimbo ya maliro anali wosakidwa yemweyo. Anaibwereza nyimboyo mumtima ndipo anadabwa: mulibemo mawu oti mfumuyo inali yokoma mtima. Muli liwiro lake, mphamvu zake, ndi zovala zomwe inkaveka anthu ake. Wolirayo sananame, komanso sanatukwane.

Masana, pamthunzi wa khoma, Stafford anajambula mawu ake pafoni:

"Wagwa kanjedza wa minga, mthunzi wapita naye.
Adzatidzutse ndani ndi mkuwo dzuwa lisanatuluke?
Matumba awiri a manyowa paphewa, ife limodzi tikubuula nalo.
Pa Ramadani, inu kukhosi kuli gwa, munkandiponyera botolo la madzi:
'Imwa iwe Katekisiti, ukafa ndikawauza chiyani amako?'
Munali owawa ngati tsabola, a Shaibu,
Koma lero ndiwo zazizira."

Pofika pa botolo paja mawu anamuthawa, nyimbo n'kuyamba kutsimphina. Ankafuna kufufuta ayambirenso, koma Sudi anamulanda foni n'kutumiza momwemo.

Mphwangayo atabwera kutchuthi, ndinkafotokozera anthu pakhonde kuti mayi Maliyamu atamva nyimboyo analira mpaka mtsinje wa Shire unasefukira, ng'ona n'kumakagona pamadenga a masitolo ku Mangochi. Ndikuti ndifike pa mvuu, Stafford anandigwira mkono.

"Amalume, bodza limenelo."

"Iwe, unalipo?"

"Inu ndiye munalipo? Mayiwo anandiimbira foni ine. Sanayambe ndi kulira, anayamba ndi kuseka. Anati, 'Eya, ameneyo ndiye wanga, pakamwa ngati lumo.' Atatero anandifunsa ngati anamugoneka moyang'ana ku Makka, n'kuitana mwana kuti abweretse mphasa."