Mfundo za Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene maso a amayi anayamba kuchita chifunga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kaluluma. Amayi anali wosankha fodya m'chigafa. Kapitawo akanadziwa kuti sakuona bwino, tikanapakira katundu, choncho ine ndinakhala maso awo mwakachetechete.

Sindinkaopa. Zaka ziwiri ndinali nditakhala pambali pawo, mphuno zikuyabwa ndi fumbi la fodya, zala zikumata ndi phula lake, ndipo ndinkadziyesa katswiri. Fodya wathu ankasoka anthu awiri, abambo ndi amalume. Amalume anali amanzere, mfundo zawo za pazingwe zinali zopotokera kwina, komanso munda wawo unali kumchenga, kumene fodya ankatuluka wopyapyala, wamawangamawanga. Wa abambo ankakhala wofiirira bwino, wofewa ngati chikopa cha mbuzi. Ndinkangoti ndikagwira, dzanja lapita lokha ku mulu woyenera.

Chaka chimenecho mvula inakana kudula. Munda wa abambo unamira, masamba anagwira nkhungu, pamene kumchenga kwa amalume fodya anachita bwino koyamba. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, koma m'chigafa dzanja langa linapitiriza zakale. Wa abambo ndinkaika pa mulu wabwino, wa amalume pa wotsika, mtima uli m'malo.

Kapitawo anamasula belo lathu loyamba anthu onse akuona. Ananunkhiza tsamba limodzi, n'kufunsa amene anasankha. Amayi anati ndi iwo. Sanandiyang'ane n'komwe. Kapitawo anawauza kuti maso awo atha, ndipo nyengo ya fodya ikatha tione njira.

Madzulo ake amayi sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Anatenga masamba angapo, anadula zingwe zonse, anawasakaniza pamphasa, n'kundiuza kuti ndisankhe. Ndinawatembenuza, ndinawanunkhiza, thukuta lili kamukamu. Onse ankaoneka ofanana. Iwo anapapasa ndi zala, osaona, n'kuwagawa bwinobwino.

"Mwana wanga, iwe sunaphunzire fodya," anatero motopa. "Unaphunzira mfundo za amalume ako."

Tinachoka mu Ogasiti pa lole yobwereka, ndipo amayi sanagwirenso ntchito ya m'chigafa mpaka kumwalira kwawo.

Pano ndine namwino, tsitsi layamba imvi. Wodwala akamalowa, ndisanamugwire n'komwe, mtima umakhala utaweruza kale poona nsapato zake ndi kalankhulidwe kake: uyu akudwaladi, uyu akungofuna mapiritsi. Nthawi zambiri ndimalondola, ndipo ndicho chimandiopsa, chifukwa ndi fodya uja ndinalondolanso zaka ziwiri zathunthu. Ndatopa nako kudzikayikira tsiku ndi tsiku, koma ndilibe njira ina. Ndikamva mumtima kuti ndadziwa msanga, ndimamuuza wodwalayo kuti akhale pansi, ayambirenso kufotokoza.