Ulendo wokachotsa ng'ala ya amayi ku Cuamba

Tinanyamuka kwathu ku Ngauma dzuwa likungotuluka, ine patsogolo, amayi pambuyo atagwira malaya anga. Mtima wanga unkadumpha ndi chimwemwe. Ng'ala inali itawaphimba maso zaka zambiri, koma nthawi yopitira ku chipatala sinkapezeka. Dzinja njira ya kwathu ndi matope okhaokha, masika fodya salola munthu kuchoka, ndipo ndalama ikabwera imathamangira feteleza. Komanso amayi, amene nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, Chipwitikizi sachimva, ndiye ankaopa kukangoima ngati chitsa pamaso pa dotolo.

Chinawagonjetsa ndi fodya yemweyo. Chaka chino anasankha masamba ndi zala zokha, wofiira ndi wakuda n'kumangira pamodzi, ndipo belo lonse linabwezedwa. Atalengeza kutchalitchi kuti madotolo a maso afika ku Cuamba, amayi anandiitana. "Zakariya, ndiperekeze. Maso akatheratu ndidzakhala katundu wako."

Minibasi ya ku Massangulo, imene kwathu timati chapa, inatitenga pa mametikali 150 munthu mmodzi, ndipo tinafika ku Mandimba m'mawa ndithu. Anyamata a njinga zakabaza anatizungulira, osintha ndalama akutikupizira makwacha kumaso ngati tikupita kumalire. Chapa ya ku Cuamba inali 400. Wolipiritsa analumbira kuti tikunyamuka pompano, ndipo pompano wakeyo anatipatsa mpata wodya buledi wa pau ndi bajiya, kumwa tiyi, ndi kudziwana ndi galimoto yonse.

Pafupi ndi amayi panakhala mayi wina wa dengu la matemba a ku Amaramba. Atawayang'ana m'maso anafunsa, "Mukupita kokachotsa ng'ala, mayi?"

"Eya, koma akuti amatulutsa diso n'kuliika m'mbale."

"Bodza limenelo. Amalume anga anapita chaka chatha. Pano akuona ngakhale zimene sizikuwakhudza."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinamva dzanja lawo likumasuka pa mkono wanga.

Msewu wa phula ndi wokoma, abale. Chapa inkauluka, ine ndikuwafotokozera amayi chilichonse ngati woulutsa mpira pa wailesi: uwu ndi mlatho wa Lugenda, awa ndi matumba a makala, uyo wanyamula mbuzi pa njinga. Ku Mississi tinagula nthochi pawindo. Phiri la Mitucué litaonekera ndinakuwa ndekha, anthu n'kunditembenukira. Tinalowa mu Cuamba masana, ndipo tinakafikira kwa msuweni wanga wogulitsa kumsika.

M'mawa mwake kuchipatala tinapeza mzere wa okalamba, ambiri a kumidzi ngati ife, aliyense ndi womugwira dzanja. Mwayi wake namwino wina ankalankhula Chinyanja, ndipo amayi atangomumva anawongola msana. Dotolo anawachita opaleshoni ya diso lakumanja tsiku lomwelo, lina anati tidzabwerenso.

Tsiku lotsatira namwino anamatula bandeji ine nditaima chapafupi. Amayi anaphethira, anayang'ana denga, kenako ine.

"Iwe, malaya amenewa ndi amene wabwera nawo m'tauni?"

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ndikuseka, pamaso pa anthu onse.

Kenako namwino anayamba malangizo. Kwa masabata angapo asawerame, asanyamule zolemera, asakhale pa utsi kapena pa fumbi, apo ayi diso likhoza kuwonongeka. Pabenchi limodzi ndi amayi panali mayi wina wa m'tauni, mphunzitsi wopuma, amene anabwera ng'ala itangoyamba kumene. Iye ankangogwedeza mutu, poti kwake madzi ali pampopi ndipo amaphika pa magetsi. Amayi anga nkhope inagwa.

"Mwana wanga," anamuuza namwinoyo, "zimene watchulazo ndiye tsiku langa lonse. Ndiphika bwanji osawerama? Madzi abwera okha?"

Namwino anayang'ana ine.

M'chapa yobwerera amayi analanda mpando wa pawindo, akuloza chilichonse ndi kundifotokozera ngati ine ndinabwera nditatsinzina. Ine maganizo anali kwina. Kunyumba tilipo awiri okha, mlongo wanga anakwatiwa kutali. Mpeni wa dotolo unali umodzi, wa mphunzitsi ndi wa amayi, koma kuti diso lipole zimadalira khitchini imene munthu akubwererako. Ndinaona kuti ulendo wa ku Cuamba unali mbali yophweka.

Titagona kwathu, m'mawa ndinatenga ndowa n'kulunjika kumjigo, kumene mwamuna wamkulu ngati ine sanaonekeko chiyambire. Azimayi anandiseka mpaka ena kukhala pansi, wina n'kundibwereka nkhata mwachifundo. Ndinasenza ndowayo ndikuyenda mokhotakhota, madzi akunditsikira m'khosi. Ndikanali kutsidya kwa munda wa fodya, kutali koti chaka chatha sakanasiyanitsa munthu ndi mtengo, ndinamva mawu a amayi ali pakhonde.

"Zakariya, wongola khosi! Ukutaya madzi anga."