Kaulusi ka buluu m'thewera

Ndinakaona ndikuchapa thewera. Kaulusi ka buluu, kakafupi ngati nsidze, kali m'chimbudzi cha mwana wanga wamng'ono amene ndinali nditangoyamba kumupatsa phala ndi madzi. Ndinati kapena ndi njoka ya m'mimba. Ndinakatola ndi kamtengo n'kukaika patsamba la tiyi, kudikira kuti kagwedezeke. Ayi ndithu. Ndinakakoka ndi zikhadabo, osaduka.

Ndinathamangira kwa mayi ena achikulire oyandikana nafe pa malayini, nyumba za antchito a pa esiteti, amene timatchola nawo tiyi.

"Amayi, taonani izi. Zatuluka m'mimba mwa mwana."

Anayang'ana n'kuseka. "Iwe make mwana, wabereka telala kodi? Wayamba kusoka ali ndi dzino limodzi?"

"Musaseke, amayi."

"Watola kansanza pansi ameneyo. Mwana wokwawa amadya chilichonse."

"Sanayambe kukwawa. Amakhala kumsana kwanga."

Apo kuseka kunatha.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chopita m'kamwa mwake ndimachiyang'ana kawiri. Ufa ndinasefa, mulibe. Supuni, kapu, mulibe. Kenako m'mawa wina ndikukhuthula madzi otsalira mu ndowa yathu yoyera, ndinapendeka pang'ono, ndipo pansi, m'timchenga, tizidutswa tinali pomwepo. Tabuluu, toyera, tina takuda ngati makala osinja. Madzi amenewo ndi amene ndimamwetsa ana.

Mpopi wa pa malayini umauma kawirikawiri, ndiye tonse timatsikira kumtsinje wodutsa m'munsi mwa minda ya tiyi. Ndakhala ndikupita kumeneko kuyambira ndili mtsikana, koma tsiku limenelo zinali ngati ndine mlendo. Apa wina akumenya pamwala saka lapulasitiki limene timamanga m'chiuno potchola, loteteza mame ndi timitengo tolasa. Apo machubu akuda obzalamo mbande za tiyi kunazale, ofumbwa ndi dzuwa, ukangogwira phwa. Majumbo atakolekera m'mizu. Ndipo aliyense, aliyense, akukwecha mapoto ndi chidutswa cha saka kapena cha neti yakale, monga timachitira tonse, monga anandiphunzitsira mayi anga.

Mayi aja anali pomwepo ndi mapoto awo.

"Amayi, chokwechera chanucho, paja munadula chachikulu ngati mbale. Chatsala kachepachepa aka. Chinacho chapita kuti?"

"Chatha. Funso lanji limenelo?"

"Chathera kuti?"

Anayang'ana m'manja mwawo, anayang'ana m'madzi. Chakumunsi pang'ono mwana wanga wamkulu, wa sitandade 1, anali atagwada akumwa ndi manja. Ndinakuwa mpaka azimayi onse anatembenuka, ena kuyesa ndaona njoka. Ndinamukoka dzanja, iye akulira osadziwa chimene walakwa.

Tsiku la sikelo ndinatenga kaulusi kaja m'kabokosi ka machesi n'kukaonetsa a zaumoyo.

"Madziwo ndimawiritsa," ndinatero. "Tsiku lililonse ndimawiritsa."

"Musasiye, mayi, kuwiritsa kumapha tizilombo. Koma pulasitiki siifa ndi moto wa pamafuwa."

"Nanga imupweteka mwanayu?"

"Sindingakunamizeni, sindikudziwa. Panopa akulemera bwino. Aka katuluka. Tilipo tina ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timeneto ngakhale akuluakulu akadafufuzabe."

Bola akanati ndi njoka ya m'mimba, akanandipatsa mapiritsi. Ndinabwerera mwana ali kumsana akuseweretsa khutu langa, ine ndikungoganiza za tosaonekato. Tili kale m'kamimba kake? Tili mu mkaka wanga? Akatsokomola, ine dzidzidzi. Akakana bere, ine basi ndi zomwezija.

Bambo ake anati, "Mayi a kunyumba, mudzadwala ndi maganizo. Tonse takula ndi mtsinje womwewu, tafa?"

"Inuyo muli mwana munkakwechera chiyani mapoto kwanu?"

Anakanda m'mutu. "Phulusa. Ndi makoko a chimanga."

"Ndiye si mtsinje womwewu."

Loweruka lake anabwera ndi mtsuko wadothi kuchokera kumsika wa Goliati.

Kumtunda kwa minda, kumene tiyi wathera n'kuyamba mitengo yachilengedwe, kuli kasupe wotuluka pansi pa mwala. Palibe amene amachapirako chifukwa ndi kutali, ndipo chitunda chake chimathyola mawondo. Kumeneko ndi kumene ndimatunga tsopano madzi akumwa, m'mamawa ndisanapite kotchola, chifunga chikadali chogwira, mwana kumsana, ndowa pamutu. Kapitawo wandikalipira kale kuti ndikufika mochedwa. Ndimangoti pepani bwana.

Ndikafika ndimasefera pa chitenje chathonje chopinda kangapo, kuwiritsa, kuthira mumtsuko, kuvindikira. Ndikudziwa kuti chitenje sichingagwire tosaoneka tija. Koma amene ndingawagwire ndiwagwira. Chokwechera cha saka ndinachotsa, ndabwerera ku phulusa, ndipo kuseri kwa nyumba ndabzala chinkhupule choti ndizikwechera. Mayi aja amandiseka kuti mapoto anga sawala ngati kale, koma dzana anadzapempha nthanga zake.

Wamkuluyo ndimamupatsira madzi a mumtsuko popita kusukulu, ndipo ndamuuza kuti kumtsinje ndi kosamba basi, pakamwa atseke. Wamng'onoyo wayamba kukwawa. Thewera lililonse, ndisanaliviike, ndimatuluka nalo padzuwa n'kulitambasula.