Matandala a Purofesora Violeta

Violeta anabadwira ku Malawi makolo ake atathawa nkhondo, ndipo anabwerera kwawo ku Mecanhelas, kutsidya kwa malire, ali kumbuyo kwa mayi ake. Atakula anaphunzira zauphunzitsi, boma n'kumutumiza ku sukulu ina yaing'ono kufupi ndi nyanja ya Chiuta.

Ana a kumeneko anali a asodzi. M'kalasi ankangokhala duu, Chipwitikizi osachimva, ndipo nsomba zikayamba kugwidwa ambiri ankajomba. Tsiku lina Violeta anasiya choko n'kuwafunsa m'Chinyanja chimene chimavuta kwawo. Mtsikana wina, Mastura, anati mayi ake amalira ndi matemba: amayanika pansi, amalowa mchenga, ogula a ku Insaca n'kumawanyoza.

Violeta anatenga funso limenelo kukhala phunziro la teremu yonse. Anawagawa anawo m'magulu. Ena anapita kudoko kukafunsa asodzi, mayankho n'kumawalemba m'Chipwitikizi. Ena anayeza nsungwi ndi bango, masamu n'kulowa okha. Anamanga matandala kuseri kwa sukulu, lina lalitali, lina lalifupi, lina lofolera, kuti aone loumitsa bwino. Loyamba linagwa ndi mphepo. Violeta sanawauze cholakwika, anangowafunsa kuti mizati anaikumbira bwanji, iwo n'kuyambiranso. Pomaliza anaitana makolo, ana eniake n'kufotokoza zimene apeza. Mastura, amene kale sankatsegula pakamwa, analankhula mpaka bambo ake anavula chisoti n'kumangochipotokola m'manja.

Mbiri inafika kuboma. Kunabwera alendo pagalimoto, ndipo diretori wa sukuluyo, a Alberto, anavala jekete n'kuima patsogolo pa matandala aja.

"Maganizo amenewa ndinawaganiza kalekale," anatero a Alberto. Kenaka anatuma Violeta kukawiritsira alendo tiyi.

Zimenezo Violeta anapirira. Chinamuwawa chinabwera chaka chotsatira. A Alberto analamula kuti ntchito ija, imene ankaitcha projetu, ikule: matandala achuluke, ndipo kalasi iliyonse izigwirako. Matemba ankabwera m'madengu kuchokera kwa mlamu wa a Alberto, ana n'kumayanika, kutembenuza, kuingitsa ntchentche, kulongedza m'matumba okagulitsa ku Entre Lagos. Panalibenso funso, panalibe kuyeza kapena kulemba. Ana ankaweruka akununkha nsomba, makope ali oyera.

Violeta analowa mu ofesi.

"A diretori, awa si maphunziro ayi. Anawa akugwira ganyu."

"Mwayamba ndinu, purofesora. Lero zakuipirani chifukwa sizikutchula dzina lanu?"

"Dzina langa lisiyeni. Mastura wasiya sukulu. Akuti kuyanika nsomba angathe kwawo."

"Ndiye kuti waphunzira," anatero a Alberto, akuseka.

Violeta anakadandaula kwa akuluakulu. Iwo anamumvetsera mwaulemu, kenaka anamukumbutsa kuti sukuluyo ndi imene boma limaonetsa alendo. Makolo nawo anamutembenukira: si iyeyu anabweretsa nsomba kusukulu? Mayi wina anamulavulira malovu pamsika. Chaka chisanathe anamusamutsira ku sukulu ya kutali ndi nyanja, kumene shapa, minibasi ya kumeneko, imafika msewu ukauma basi.

Kumeneko ndi kumene ali mpaka pano. Imvi zayamba, mawu ake anachepa. Amaphunzitsabe bwino, koma ana sawatulutsanso panja.

Chaka chatha kunabwera mphunzitsi watsopano, Tobiasi, wongochoka kumene ku koleji. Anamva za matandala aja ndipo anamupempha kuti amuthandize kukonza projetu ya kalasi yake. Violeta anakana kawiri. Kachitatu anamuuza onse ali chiimire pakhomo la kalasi:

"Funso lichokere kwa ana, lisachokere kwa inu. Akalakwitsa musathamangire kuwakonzera. Pomaliza aonetse okha kwa makolo awo. Koma achimwene, musankhe chinthu choti munthu sangachiike m'thumba n'kukagulitsa."

Tobiasi anaseka, akuyesa nthabwala. Violeta sanaseke. Anamupempha kuti apatuke pakhomopo, ana alowe.