Kabokosi ka Wezi kaposa zojambula za Yamikani

Mwatandala uli nonse.

Ndangofika kumene kuchokera kutauni ndi Yamikani wanga, mtima ukundiwawa. Kunali kusankha achinyamata oti akaphunzire kupanga magemu a pafoni. Mwanayu mukumudziwa, zikwangwani za masaluni kuno ku Zolozolo amajambula ndi iyeyo. Tinanyamula zojambula zake zonse.

Osankhawo anangoti, "Zokongola chomene, koma gemu yako ili kuti?"

Kenako kunabwera Wezi, mwana wa a NyaGondwe oyandikana nafe, yemwe akajambula nkhuku imaoneka ngati mbatata. Gemu yake ndi kabokosi chabe kodumpha timizere. Akuti kabokosiko ndi kabaza, timizereto ndi maenje a msewu wa ku Masasa. Abale inu, anthu akuluakulu kulimbirana foni ngati ana! Amutenga. Akuti chachikulu n'kudziwa kulemba malangizo oyendetsa gemuyo, ojambula amabwera pambuyo.

Pobwerera Yamikani akundiuza akusekerera kuti Wezi wamupempha kuti amujambulire kabazayo, ndipo wavomera. Mwana wanga ine, waganyu wa Wezi?

Panopa a NyaGondwe akuimba nthungululu kuseri kwa mpanda. Tandiuzani, ndipite ndikawayamikire, kapena ndingonamizira mutu?