Nsapato za Inki

Aphunzitsi athu kusukulu yogonera komweko ya ku Tamanda anali ndi kamera yonga bokosi, ndipo anandiphunzitsa kujambula ndi kutsuka zithunzi. Atate atabwera wapansi kudzandiona, ndinawajambula. Chithunzicho chinatuluka bwino, ngakhale ming'alu ya kumapazi inkaoneka. Ndinachita manyazi pamaso pa anzanga, ana a makalaliki a m'tauni ya Fort Jameson, ndiye ndinatenga inki n'kuwaveka atatewo nsapato pachithunzipo.

Pa tchuthi ndinawapatsa chithunzicho. Anachiyang'anitsitsa.

"Nsapatozi n'zokongola, mwana wanga," anatero. "Koma zonse ziwiri n'zakumanzere. Nanga mapazi anga aja anakulakwira chiyani?"

Ndinanama kuti kamera imatero nthawi zina. Atate anamwalira asanavalepo nsapato, ndipo chithunzi chawo n'chimodzi chomwecho, cha mapazi amene si awo.